Kukapanga medical ndili ndi zipsera pamkono: mmene kiliniki ina ya ku Limbe inandilandirira

Ntchito ndinaipeza Lachisanu, koma pofika Lolemba chimwemwe chonse chinali chitauluka. Ndi ya m'khitchini pa loji ina kuno ku Blantyre, yothandizira ophika: kusenda mbatatesi, kuwaza kabichi, kukwecha mapoto, ndipo tsiku la mwayi amakusiyira msuzi kuti uziutakasa. Amayi a ku ofesi anandipatsa fomu ya masamba awiri. "Musanakhudze mbale ya mlendo, iyi ibwere itadindidwa. Chichokereni kolera uja sitichitanso chibwana." Sindinawaone kulakwa. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kuno ku Blantyre ngakhale sukulu zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Walira mvula walira matope, ndinadziuza choncho potuluka pageti.

Chimene chinandiziziritsa nkhongono ndi mzere umodzi wa patsamba lachiwiri, wonena za khungu, manja ndi zikhadabo. Ndiye kuti munthu wosamudziwa adzandiuza kuti ndipinde manja a malaya.

Ndili ndi zipsera pamkono wamanzere, kuyambira pamene pamakhala wotchi mpaka kufupi ndi chigongono, ndi zina zochepa kumkono winawu. Ndinkadzivulaza ndekha. Zinayamba ndili Fomu 3 ku sukulu yogonera konko, chaka chimene bambo anatisiya, ndipo ndinaleka ndili ndi zaka 21. Pano ndili ndi 30. Zina zinayera, zina zinatukuka pang'ono n'kumanyezimira monga khungu lakuda ngati langali limachitira, ndipo mafuta onse amene ndinagulapo m'mafamase anangondidyera ndalama. Za nthawi imeneyo sindilemba zambiri pano. Zokwanira kudziwa n'zakuti mwezi wa Okutobala, anthu akuthawira pansi pa mitengo ya mango, ine mundipeza ndili m'malaya a manja aatali, ndipo anzanga anazolowera kunditcha wachisanu.

Mantha anga a chipatala ali ndi tsiku lake lobadwa. Mu 2018 ndinadwala malungo aakulu, anandigoneka pa chipatala china chaching'ono, ndipo namwino wofuna kundiika diripi anakoka dzanja la juzi yanga osandiuza. Atangoona anakuwa, wodi yonse ikumva: "Izi n'chiyani? Umafuna kudzipha iwe? Ukudziwa kuti ndi mlandu?" Amayi a bedi loyandikana nalo anadzuka tsonga. Ine ndinakula ndikuwerenga m'nyuzipepala za anthu otengeredwa kukhoti chifukwa choyesa kudzipha, poti gawo 229 la Penal Code, buku la malamulo a milandu, linkati ndi mlandu, ndiye usiku wonse ndinagona ndikudikira apolisi amene sanabwere. Sindinkafuna kufa ayi, n'chifukwa chake funsolo linandipweteka kawiri. Kudzivulaza kwanga kunali njira yoipa yopirira zinthu zimene ndinalibe mawu ozinenera. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuzemba. Akafuna kuyeza malungo ndimatambasula chala chokha. Wina akaona mwangozi ndimati ndi mphini, ngakhale aliyense amene anatemeredwapo kwa sing'anga amadziwa kuti mphini ndi zazifupi, zimakhala m'timagulu pachifuwa, pamsana kapena pamfundo, ndipo zimada ndi mankhwala opakidwamo. Bodza limeneli limagwira ntchito m'minibasi. Kwa namwino siligwira.

Fomu ija inakhala m'chikwama masiku 9. Ndinafika poganiza zoikana ntchitoyo. Amene anandiletsa ndi msuweni wanga, munthu yekhayo kwathu amene amadziwa nkhani yonse, ndipo chisuweni chathu n'chonyozana kuyambira tili ana. "Asuweni, ntchito mwaisaka zaka 2, lero mukaitaye chifukwa cha dzanja la malaya? Lembani kapepala. Zimene pakamwa pakukanika, cholembera chinene." Ndinaseka, koma usiku womwewo ndinang'amba tsamba la kope n'kulemba mizere itatu: ndili ndi zipsera zakale pamikono, ndinkadzivulaza ndili wamng'ono ndipo ndinasiya zaka 9 zapitazo, chonde musandifunse pagulu.

Kiliniki imene ndikukambayi ndi yolipira, ili ku Limbe, ndipo dzina lake sindilitchula. Chifukwa choyamba, pali zinthu zingapo zimene ndidandaule, ndipo ogwira ntchito kumeneko ndi ochepa moti aliyense angadziwike. Chachiwiri, ine ndemwe ndingadziwike. Koma makiliniki otere adzaza Limbe, Ginnery Corner, Area 25, Mzuzu, kulikonse, ndipo zimene ndinaona kumeneku mukhoza kukazifufuza pa iliyonse musanatulutse ndalama.

Ndinayamba ndi kuimba foni. Ndinafunsa zinthu zitatu: mtengo wa medical ya ogwira zakudya, ngati pali namwino wamkazi, ndiponso ngati amayezera m'chipinda chotseka. Mtsikana woyankhayo anatchula mtengo, n'kunena inde pa ziwiri zinazo mofulumira kwambiri, ngati kondakitala amene akuti minibasi yatsala munthu mmodzi. Pa namwino wamkazi ananena zoona. Pa chipinda chotseka ananena theka.

Tinafika 7:40 m'mawa Lachiwiri, ine ndi msuweni. Malowo ndi aukhondo, matailosi oyera, mabenchi atatu, wailesi yakanema ili pamwamba ikulankhula yokha. Pakhoma anapachika chiphaso cha Medical Council of Malawi m'felemu, chimene ndinachiwerenga kawiri konse chifukwa maso ankafuna pokhala. Anthu anali 8 patsogolo pathu. Ndiye ndinaona chimene ndinkaopa: sikelo ndi makina a BP anaziika pakhonde, pakatebulo kali pambali penipeni pa benchi yodikirira. Aliyense woitanidwa ankakwera sikelo, kenako n'kukhala pampando, kupinda dzanja la malaya, anthu onse maso ali pa iye poti palibenso china choonera. Bambo wina wonenepa anauzidwa kulemera kwake mokweza, benchi yonse inamva, wina mpaka anatsokomola pobisa kuseka. Ichi ndi cholakwika chachikulu cha kiliniki imeneyi, ndipo n'chosavuta kukonza. Katani imodzi ya nsalu yotchipa ya mumsika wa Limbe ikanatha nkhani.

Mtima unayamba kugunda ngati ng'oma ya beni. M'manja thukuta. Msuweni anandinong'oneza kuti ndikakomoka andisiya pomwepo apite ku ntchito, ndipo chipongwe chimenechi chinandithandiza kuposa mawu alionse achifundo. Ndinaponda pansi mwamphamvu ndi mapazi onse awiri, n'kumawerenga matailosi kuchokera pakhomo mpaka pa sikelo, uku ndikutulutsa mpweya pang'onopang'ono kuposa mmene ndikuukokera. Anali matailosi 23. Ndinawawerenga kanayi.

Dzina langa litaitanidwa ndinakwera sikelo, ndipo ndisanakhale pampando ndinapereka kapepala kaja kwa namwino. Anali mayi wachikulire, mwina wa zaka za m'ma 50, magalasi atapachika pa chingwe m'khosi. Anavala magalasiwo, anawerenga, ndipo nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono. Anakapinda kapepalako n'kukaika m'thumba la yunifolomu, anazula makina a BP n'kuwapanira m'khwapa, kenako ananena mokweza ndithu kuti onse amve: "Makinawa akuvuta batire pano. Tiyeni m'kati, mwana wanga." Batire linalibe vuto lililonse. Ndinalowa m'chipindamo misozi ili m'maso, chifukwa cha bodza laling'ono limenelo.

Apa ndipamene ndalama yanga inagwira ntchito, ndiye mundilole ndichedwepo. Anatseka chitseko. Sanandigwire malaya. Anakhala pansi, anandiuza kuti lamba wa BP amamangidwa pamwamba pa chigongono, ndipo kuti makina awerenge bwino pamafunika mkono wopanda nsalu yokhuthala. "Musankhe nokha mkono. Mupinde nokha, nthawi ilipo." Ndinasankha wamanja, umene uli ndi zochepa. Zala zinkanjenjemera pabatani moti linatenga kanthawi kuti limasuke, iwo ali phee, akulemba tsiku pafomu ngati palibe chikuchitika. Nditapinda anayang'ana. Sananamizire kusaona ayi, ndipo ndinayamikira zimenezo, poti munthu wothawitsa maso amakuuzanso kuti waona chinthu choopsa. Anayang'ana monga amayang'anira chilichonse pathupi la wodwala, masekondi awiri kapena atatu, n'kufunsa funso limodzi: "Pali chatsopano chimene chikufunika kutsukidwa kapena kumangidwa?" Ndinati ayi. "Chabwino." Anamanga lamba.

Makina anawerenga 148/94, mtima ukugunda ka 112 pa mphindi. Ndinadziwa kuti zadutsa 140/90 ndipo ndinayamba kuona fomu yanga ikukanidwa chifukwa cha BP imene ndilibe. Iwo anangoseka pang'ono. Anati anthu ambiri BP imakwera akangoona yunifolomu yoyera, ngakhale madalaivala a mathiraki akuluakulu, ndipo nambala yoyamba ya munthu wamantha sailemba. Anandiuza kuti nditsamire mpando, mapazi pansi osapingasa miyendo, ndisalankhule kwa mphindi 5. Pamene ndinkadikira iwo ankalongedza thonje m'kabati. Kenako anabwera, anakweza dzanja la malaya anga pang'ono atandipempha, n'kuloza kachipsera kozungulira ka katemera wa BCG kamene tonse tinabayidwa tili makanda. "Koma ichi musachiwerengere kumodzi ndi zinazo. Ichi tinakuikani ndife." Ndinaseka mpaka mamina. Atayezanso, 126/82, mtima 88. Ndiyo analemba.

Asananditulutse anatulutsa kapepala kaja n'kundifunsa ngati akawauziretu adokotala kapena ndikanena ndekha. Ndinati akawauze. Anati a ku labu sawauza pokhapokha nditafuna, poti ntchito yawo ndi mtsempha basi. Kenako anandibwezera kapepalako m'manja. "Ndi kanu aka, sikalowa m'faelo." Palibe amene anandifunsapo chilolezo pa nkhani ya thupi langa m'chipatala chilichonse m'mbuyomu. Ndikudziwa kuti anamwino amaphunzitsidwa kusunga chinsinsi, ndipo bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi lilipo kuti liziyang'anira khalidwe lawo, koma kumva kuti lamulo lilipo ndi kuona munthu akulichita pamaso pako n'zosiyana kutalitali.

Ku labu zinthu zinatsika. Ndinanena kuti asawauze, ndiye mwina mbali ina ndi yanga, koma chitseko chotsegula si changa. Kachipindako n'kakang'ono, chitseko anachitsekereza ndi mpando kuti mphepo izilowa, ndipo pabenchi ya panja pomwepo panali anyamata awiri odikira zotsatira. Mnyamata wa labuyo, wamng'ono kwa ine, anati nditambasule mikono yonse aone mtsempha wabwino. Ndinapempha kuti atseke chitseko. Anadabwa, koma anatseka. Nditapinda malaya maso ake anakakamira pamkono wamanzere nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira. "Eee, asisi, munachita ngozi?" Yankho ndinali nditalikonzeratu kunyumba, ndinaliyeserera pagalasi: "Ndi zakale, zinapola." Osawonjezera kanthu. Anati pepani, ndipo sanafunsenso. Ndaona kuti yankho lalifupi lonenedwa mosanjenjemera limatseka nkhani msanga kuposa bodza lalitali, chifukwa bodza limabala mafunso ena: ngozi yanji, liti, galimoto ya ndani.

Pa ntchito yake yeniyeni ndimupatsa ulemu. Anapewa pamene pali zipsera, poti khungu la pachipsera ndi lolimba ndipo mtsempha suoneka bwino, anamanga kalamba, anapeza mtsempha wa pakhwinya la chigongono, anapukuta ndi spiriti, kubaya kamodzi kokha. Sindinatupe n'komwe. Koma pawindo la labu yomweyo amaitana dzina la munthu pamodzi ndi chimene wayezetsa, mokweza. Ine anangoti magazi a taifodi, zosachititsa manyazi. Nanga wobwera kudzayezetsa zina?

Za timabotolo ta mkodzo ndi chimbudzi sindichedwapo, aliyense amadziwa mmene zimakhalira. Ndingonena kuti kuchimbudzi kwa kiliniki yoyeza anthu ogwira zakudya kunalibe sopo, ndipo pampopi sipankatuluka madzi, anangoika ndowa ndi kapu. Msuweni anati tiwalembere fomu yawo nawonso, tione ngati angakhoze.

X-ray ya pachifuwa, yofufuza chifuwa chachikulu, inachedwa mphindi 40 chifukwa magetsi anazima ndipo wa jenereta anali atapita kukagula dizilo. Ndinkaiopa kwambiri chifukwa amavulitsa malaya, koma inakhala yosavuta kuposa zonse. Mayi wojambulayo anandifunsa ngati ndili woyembekezera, anandipatsa gauni, anatuluka kuti ndisinthe. Gauniyo ndi ya manja aafupi. Koma m'chipindamo muli mdima pang'ono, umayima chifuwa chitagunda chitsulo chozizira, manja m'chiuno, nsana kwa wojambula, iye akuti kokani mpweya, gwirani, tulutsani. Sanayang'ane mikono yanga n'kamodzi komwe, maso ake anali pa makina.

Womaliza anali adokotala, amene kwenikweni ndi clinical officer, bambo wa imvi za m'mbali, wolankhula mosathamanga. Namwino uja anali atawauza, ndipo anabwera kudzaima pakona ya chipinda osapemphedwa, zimene zinandikhazika mtima pansi. Bambowo anayamba ndi mafunso a ntchito: kutsegula m'mimba posachedwapa, chifuwa chopitirira masabata awiri, thukuta la usiku, kuonda, zithupsa, mafinya m'khutu. Anandiyang'ana m'maso ndi m'kamwa, anamvetsera pachifuwa. Kenako anati, "Achemwali, tione manja." Anatembenuza zikhato, anayang'ana pakati pa zala ndi m'zikhadabo, n'kukwera mpaka m'chigongono. Anandifotokozera chimene akufuna, ndipo ndikanakonda wina akanandiuza zimenezi masiku 9 aja ndisanadzizunze. Pa munthu wogwira zakudya iwo amasaka chilonda chosapola, chithupsa, chikanga cha pachala, matenda a pakhungu otuluka madzi, chifukwa tizilombo ta m'mafinya tikalowa m'chakudya timadwalitsa odya. Chipsera chopola ndi khungu lotseka. Sichipatsira munthu kanthu, ndipo pafomu palibe malo ake.

Atatero anaika cholembera pansi n'kundifunsa mosazungulira ngati masiku ano ndimakhala ndi maganizo odzivulaza kapena odzipha. Kale funso limeneli likanandikwiyitsa. Tsiku limenelo silinandipweteke, chifukwa linafunsidwa chitseko chili chotseka, ndi mawu apansi, ndi munthu amene anadikira yankho. Ndi ntchito yawo kufunsa, ndipo ndikanakhala kuti ndili pamavuto ndikanafuna kuti wina afunse. Ndinawauza zoona: maganizo odzivulaza amabwera mwa apo ndi apo zinthu zikathina, koma papita zaka 9 ndisanawatsatire, ndipo ndili ndi munthu amene ndimamuimbira. Anagwedeza mutu. Ananditchulira kuti ku chipatala chachikulu cha Queens kuli kiliniki ya za maganizo, kuti a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ndipo amapereka uphungu, ndi kuti kupita kumalo otere sikutanthauza kuti akutumiza ku Zomba Mental monga anthu amaopsezerana. Ananena kamodzi, sanakakamize.

Akanalekera pomwepo ndikanawapatsa zonse. Koma podinda fomu anawonjezera kuti, "Mtsikana wooneka bwino ngati inu, chinavuta n'chiyani? Muzipemphera." Ndikudziwa kuti ananena ndi mtima wabwino, ngati malume. Komabe mawu amenewa ndawamva kokwanira. Nkhope ya munthu ilibe chochita ndi zimene zinkamudya m'kati ali ndi zaka 16, ndipo ine ndimayimba kwaya kuyambira ndili Sitandade 6, nthawi yonse imene ndinkadzivulaza ndinkapempheranso. Sindinayankhe. Namwino uja anakonza kukhosi n'kunena kuti odwala achuluka panja, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mayi amene uja ndi wochenjera.

Ndisanatuluke ndinafunsa funso limene linkandisowetsa tulo: kodi abwana anga adzawerenga chiyani? Anatembenuza fomu kuti ndione ndekha. Pa mzere wa khungu analemba kuti palibe chilonda. Pansi pake, zotsatira za ku labu zikadzatuluka bwino, adzalemba kuti ndine woyenera kugwira ntchito ya zakudya. Basi. Anati zimene takambirana m'chipindamo sizipita kwa olemba ntchito popanda chilolezo changa. Ngati mukupita ku medical ya mtundu uliwonse, ya ntchito, ya sukulu, ya ulendo wakunja, funsani funso limeneli ndipo pemphani kuona pepalalo asanaliike mu envelopu. Mafomu amasiyana, ena amafunsa mbiri ya matenda a maganizo mwachindunji, ndiye ndi bwino kuwerenga fomu yonse kunyumba n'kudziwiratu pamene pali phompho.

Zotsatira ndinakatenga mawa lake masana. Zonse zinali bwino. Envelopu anandipatsa yosamata, ndipo mtsikana wa pa resepishoni anaitulutsa fomuyo n'kuiwerenga kaye pamaso panga asanandipatse, ati kuona ngati chidindo chilipo. Munalibe chobisika, komabe chidindo chimaoneka ndi diso limodzi, sichifuna kuwerenga masamba onse awiri.

Mtengo unali wowawa kwa munthu amene sanalandire malipiro oyamba. Ndinabwereka kwa msuweni, ndinalipira pa Airtel Money, lisiti anandipatsa osachita kukumbutsa, ndipo ku ntchito anandibwezera theka. Nambala sindiilemba chifukwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya m'makiliniki sikhala malo amodzi. Imbani mufunse, ndipo mufunsenso ngati X-ray ili momwemo, chifukwa ine anandiuza mtengo wopanda X-ray pafoni, ndinakadzidzimukira pakauntala. Nthawi yonse inali maola atatu ndi theka, kuphatikizapo za jenereta zija. Ku chipatala cha boma ndikanalipira zochepa, ndipo sindikunena kuti kumeneko kulibe anamwino a mtima ngati mayi aja, alipo ambiri. Chimene ndinagula ine ndi mzere waufupi ndi chitseko. Munthu mmodzi akamaona odwala mazana pa tsiku, ngakhale atafuna, mphindi 5 zodikira kuti BP yako itsike sangazipeze.

Kodi ndingatumizeko mnzanga wa zipsera ngati zanga? Inde, koma ndi malangizo. Apite m'mawa anthu asanachuluke. Avale malaya omasula batani pamkono, osati juzi yothina imene imafuna kuvula yonse. Atenge munthu, ngakhale wongokhala pabenchi n'kumamunyoza. Alembe kapepala, ndipo akapereke kwa namwino asanakhale pampando wa pakhonde uja. Ku labu apemphe yekha kuti atseke chitseko, poti okha saganiza. Ndipo ngati zilonda zili zatsopano, nkhani ndi ina: asazibise pansi pa malaya n'kumayembekeza kuti sizioneka, akanene kwa namwino kuti zitsukidwe ndi kumangidwa bwino, chifukwa chilonda chobisidwa chimaola, ndipo munthu amene akudzivulazabe akufunika womuthandiza kuposa mmene akufunira chidindo. Kwa ana ndi achinyamata pali nambala yaulere ya 116 imene angaimbe. Ine ndili Fomu 3 sindinauze aliyense, ndipo zinanditengera zaka 5.

Ntchito ndinayamba Lolemba lotsatira. Yunifolomu ya m'khitchini ndi ya manja ofika m'chigongono, ndipo posamba m'manja pasinki timasamba mpaka pamwamba, onse pamodzi, ndiye zobisa zinatha tsiku loyamba lomwelo. Mkulu wa ophika anayang'ana, anayang'ananso, kenako anandipatsa thumba la anyezi. Mtsikana wina wotsuka mbale anandifunsa patapita sabata, ndinamuyankha zomwe zija, ndi zakale, zinapola. Abwana amafuna medical yatsopano pa miyezi 6 iliyonse, ndiye yanga ikutha mu Epulo. Potenga envelopu ija ndinafunsa pa resepishoni masiku amene mayi a magalasi a pachingwe amagwira m'mawa. Anati Lachiwiri ndi Lachinayi. Kapepala kaja ndinakasunga m'chikwama, kuseri kwa chitupa.